Dzina Limene Ndinalitchula Kamodzi

Mwana wanga Mercy wandigulira kope ili kuti ndilembemo za ntchito yanga. Akuti ndikungozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Sakunama. Chipumireni pantchito sinditha kukhala pampando. Ndimachoka kuno ku Chawama wapansi mpaka m'tauni, osagula kanthu, n'kubwerera. Za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwira ku Matero, bambo anga anachokera ku Dedza, sukulu ndinalekeza Giredi 7. Basi. Chandiyambitsa lero ndi uthenga wa pafoni umene Joseph wanditumizira m'mawa: "Good morning dad". Palibe kamchira, ndikunena mpatuliro, pakati pa mawu awiri omalizawo. Mwana wa ku yunivesite ameneyo. Ndinamuyankha kuti akonze, iye n'kunditumizira kankhope koseka. Tsono werengani, ana anga, mudziwe chifukwa chake ine kanthu kameneka sindikaseka.

1978

Ndinayamba ntchito pakampani yopanga mipando ndi zitseko kumaindasitiri ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinkasesa ofesi, kuphika tiyi, ndi kupita ndi makalata ku positi panjinga. Mwini kampaniyo anali Mzungu wokalamba, wogontha khutu limodzi. Mayina athu sankadzivutitsa nawo. Aliyense ankamupatsa lake lalifupi. Ine ndinali Joni, ngakhale ndine Yotamu Mbewe. Kalipentala wamkulu wa kuwekishopu, munthu wamtali wosaseka amene anabwera wapansi kuchokera ku Nyasalande kalekale, anali Jimu. Anthu anazolowera mpaka dzina lake lenileni linaiwalika pakampani ponse. Amenewo ndi agogo anu, bambo a mayi anu. Nthawi imeneyo anali chabe munthu amene ndinkamuopa.

Taipi inali ya mayi Mulenga, sekilitale, Mbemba wa ku Kitwe, wamfupi, wa magalasi ndi rula yachitsulo. Akatuluka masana kukadya, ine ndinkakhala pampando wawo n'kumagogoda ndi zala ziwiri papepala lotayidwa. Tsiku lina anabwerako msanga. Ndinati ntchito yatha. Iwo anasolola pepala lija m'taipi, kuliwerenga, n'kuliyala patebulo. Ndinali nditalemba "Thank you Mr Daka", mawu amene ndinkawaona m'makalata awo. A Daka anali kapitawo wa kuwekishopu.

"Iwe Mbewe, kamchila kali kuti?"

"Kamchira kati, mayi?"

"Apa, pambuyo pa thank you. Mu Chizungu ukaitana munthu, uyamba waima, ndiye wamuitana. Ngati wayamba na dzina lake, uima pambuyo pake. Kwanu mungena chabe mu nyumba ya munthu kopanda odi?"

"Iyayi, mayi."

"So ngati suchita pa chitseko, osachita pa pepa. Lembanso."

Ndinalembanso kakhumi. Kusukulu kachizindikiro kameneka ankati mpatuliro, koma muofesi mwathu kanali kamchira basi. Kuyambira pamenepo masana alionse ankandiphunzitsa theka la ola. "Mr Daka, please come in." Kamodzi, pambuyo pa dzina. "Please, Mr Daka, sit down." Tiwiri, uku ndi uku, ngati munthu amene wampatsa malo pabenchi. Ndikaiwala, rula inkagunda tebulo pafupi ndi zala zanga. Sanandimenyepo. Chizungu changa sichinakulepo kwenikweni, koma kuitana munthu papepala ndinakudziwa. Ndipo pakampani ponse ndi mayi Mulenga okha amene ankanditchula Mbewe.

1983

Esinati, mayi anu, ankabweretsera bambo ake chakudya Loweruka lililonse kuchokera ku Kanyama. Ine ndinkamutsegulira geti ngakhale sinali ntchito yanga. Zinatenga zaka ziwiri, ankhoswe anayenda, tinakwatirana. Dzina lenileni la apongozi anga ndinaliona koyamba m'buku la ukwati kutchalitchi. Dzina lalitali, la Chichewa chakale, losamveka m'tauni muno. Ndinaliwerenga ndi maso okha. Mkamwini satchula dzina la apongozi, saima nawo maso ndi maso, salankhula nawo ngati mnzake. Ndi mmene tinakulira, ndipo iwo anali osunga mwambo kwambiri.

Kumudzi zimenezi n'zosavuta, pali tchire lopatukira. Pakampani panali kanjira kamodzi pakati pa ofesi ndi wekishopu. Ndikawaona akubwera ndinkazungulira kuseri kwa mulu wa matabwa. Anyamata a pamakina ankakuwa, "Joni, ba pongozi babwela, thawa!" Ndinkangoyenda. Iwo akafuna kanthu kuofesi sankayang'ana ine. Ankayang'ana thabwa limene akupala n'kunena, "Anthu a kuofesi atiuze misomali ibwera liti." Nanenso ndinkayankha thabwa lomwelo, "Akuti Lachitatu." Tinkamvana bwino. Pepala lililonse lokhala ndi dzina lawo mayi Mulenga ankalitaipa okha. Sindinawapemphe. Anangoti, "Na kwathu ni chimozimozi, leta kuno."

1987

Zaka zimenezo zinthu zinasowa. Mzungu uja anagulitsa kampani n'kupita kwawo. Mabwana anayamba kusinthana. Guluu kulibe, vanishi kulibe. Apongozi anga ankawongola misomali yakale pachitsulo m'mawa ulionse asanayambe ntchito. Kuofesi riboni ya taipi inkauma, ife n'kuipaka inki ya chidindo ndi nthenga ya nkhuku. Mapepala a kaboni tinkawagwiritsa ntchito mpaka abooke. Mayi Mulenga anatopa, anapeza malo ku Botswana. Tsiku lochoka anandisiyira rula yawo. "Manje uzazigunda wekha," anatero. Sekilitale wina sanalembedwe. Taipi inakhala yanga, dzina la ntchito linakhalabe mesenjala.

Chaka chomwecho chala cha taipi chodinda kamchira chinathyoka. Wokonza wa m'tauni anati zitsulo zake sizibweranso m'dziko muno. Ndiye kalata iliyonse ndikamaliza ndinkatenga bolopeni yakuda n'kuika timichira tonse ndi dzanja. Bwana wa nthawi imeneyo anandipeza ndikuchita zimenezo n'kuseka. "Joni, banthu balibe unga, iwe uli bize na tumichila?" Kenako ananditumiza kuyadi ya matabwa pafupi ndi komboni ya George kukalemba matabwa olowa ndi otuluka. Taipi ndinkainyamula panjinga, nditaikulunga m'thumba la simenti chifukwa cha fumbi. Ndinakhalako zaka zitatu, kenako anandibweza kuofesi chifukwa makalata anali atasokonekera.

1994

Manijala watsopano anali a Chileshe, wachinyamata, wa tayi, wophunzira kunja. Sanali munthu woipa. Anali wofulumira. Mipando yotchipa yakunja inali itadzaza m'masitolo ndipo makina athu ena anali atangokhala. Lachinayi lina anandiitana n'kutseka chitseko. Anandipatsa pepala la mayina makumi awiri ndi atatu ndi mulu wa mafailo.

"Aba bonse nchito yasila. Makalata yakhale ready pa Friday ya next week. Ise babili chabe ndiye tiziba. Munthu akamvela, nizaziba ni iwe, uzankhala wa twenty-four. Wamvela?"

"Ndamva."

Ndinawerenga pepala lija nditakhala pansi. A Daka anali oyamba. Wachisanu ndi chinayi anali Jimu. Ndinatsegula failo yawo. Munali kope la reji, chitupa chawo cha boma, dzina lija lonse lili pamenepo. Iwe Mercy unali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Joseph zisanu ndi chimodzi, mayi anu anali ndi pakati. Nyumba ya ku Chawama inali isanafoleredwe mbali imodzi. Munthu wa Giredi 7 akachotsedwa chaka chimenecho sankapezanso taipi kwina kulikonse. Ndinaziyeza zonsezo. Ndinatseka pakamwa. Makalata ndinayamba tsiku lomwelo, aliyense dzina lake la pareji pamwamba, kamchira ka bolopeni, kenako mawu othokoza, kenako mawu ochotsa. Yachisanu ndi chinayi ndinaidumpha. Ndinaitaipa yomaliza, patapita masiku anayi, ndipo ndinawononga mapepala atatu.

Lamulungu la pakati pa masiku amenewo tinapita ku Kanyama titaweruka kutchalitchi, monga mwa masiku onse. Mvula inali itagwa, tinalumpha pamiyala mpaka pakhomo. Anandipatsa kampando kanga kapambali, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndi kapu ya munkoyo, thobwa la kuno. Apongozi anga anali akunola pamwala mpeni wa puleni yopalira matabwa, apongozi aakazi akuwadzudzula kuti lero ndi tsiku la Mulungu. Ananola nthawi yaitali. Kenako analankhula kwa mpeniwo.

"Anthu akuti taipi ikulira kwambiri kuofesi sabata ino. Chitseko chotseka. Kaya kuli bata?"

Ndinayang'ana mpeni womwewo.

"Kuli bata."

"Chabwino," anatero. "Ngati anthu a kuofesi akuti kuli bata, kuli bata."

Munkoyo uja ndinausiya pansi. Panjira yobwerera mayi anu anaima pamwala pakati pa madzi n'kundiyang'ana. "Ba tate ba Mercy, mwabisa chani?" Ndinati palibe, tiyeni minibasi itisiya. Sanafunsenso.

Lachinayi lotsatira a Chileshe anasaina makalata onse osawerenga ngakhale imodzi. Kenako anati mawa ine ndidzaima pakhonde la ofesi, kuitana munthu mmodzimmodzi, kuwerenga mzere woyamba ndi kumupatsa kalata. Iwo adzaima kumbuyo kwanga. Ndinati pali kalata imodzi imene sindingaitane. Ndinafotokoza. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndimaopa mfiti.

"Ah, Joni, vinthu va kumunzi mu ofesi? Muitane Jim, kaili ndiye bonse bamuziba. Olo nambala yake ya pa kadi. Nilibe nthawi."

Ndinatuluka. Jimu linali dzina la Mzungu wogontha. Nambala amaitanira ng'ombe padibi. Dzina lenileni linali loletsedwa kwa ine. Ndinazungulira yadi katatu, ndikuganiza kuti ndapeza njira yachinayi.

Lachisanu m'mawa makina sanayatsidwe. Anthu onse anaima pabwalo, mapazi m'utuchi. Ndinakwera pakhonde ndi mulu wanga. Ndinachita monga mayi Mulenga anandiphunzitsira. "Mr Daka," ndinaima, ndinawayang'ana, "thank you for your service." A Daka anabwera, anatenga. Wachiwiri. Wachitatu. Wina anatukwana, wina anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anthu asanu ndi atatu anadutsa. Ndinafika pa yachisanu ndi chinayi. Sindinaitane. Ndinatsika pakhonde, ndinavula kapusi, ndinadutsa pakati pa anthu mpaka pamene iwo anaima. Ndinazungulira kumbali kwawo, ndinanjuta m'utuchi, n'kupereka kalatayo ndi manja awiri. Ndinati, "Atate." Basi.

Ndinkaganiza kuti ndi ulemu. Koma mawu anachokera kumbuyo: "Uyu enze aziba kudala. Bakambisana kunyumba aba." Wina anati, "Ba pongozi bapasidwa mwa special." Manja anga anali m'mwamba, kalata sinatengedwe. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi chimodzi apongozi anga anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso. Sanalankhule ndi thabwa.

"Imirira."

Ndinaimirira.

"Anzanga onse aitanidwa pamaso pa anthu. Ine ukundizembetsera kalata pambali ngati wogwidwa ndi misomali m'thumba? Ndagwira pano iwe usanabadwe. Bwerera pakhonde apo. Undiitane."

A Chileshe anakuwa ali pakhonde, "Jim, tengani chabe kalata, tisilize." Iwo sanatembenuke n'komwe. Ankayang'ana ine.

Ndinabwerera. Ndinakwera masitepe atatu a pakhonde. Ndinakweza pepala. Pansi pa chala changa panali dzina lija, kamchira kanga ka bolopeni kali pambuyo pake. Ndinalitchula lonse, mokweza, osadula, monga amalitchulira ku Nyasalande. Kenako ndinaima. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Anthu ankatembenukatembenuka kufuna kuona mwini dzina lachilendolo, chifukwa panalibe analimvapo. Iwo anati, "Ndili pano." Anayenda pang'onopang'ono, anthu akuwapatukira. Atafika pansi pa khonde ndi pamene ndinamaliza mzere uja wa Chizungu. Anatenga kalata ndi dzanja limodzi. A Daka anati, "Kansi ndiye dzina lanu, ba mudala? Zaka zonse izi?" Apongozi anga anakatenga chikwama cha zida zawo n'kutuluka pageti. Ine ndinaitana khumi ndi anayi otsalawo.

Loweruka uthenga unabwera kudzera mwa apongozi aakazi: mkamwini asapondenso ku Kanyama. Ndinaganiza kuti n'chifukwa cha dzina. Mayi anu ndi amene anandiuza zoona, akumanga zovala m'chitenje. Sabata lija mnzawo wa kutchalitchi anali ataitana apongozi anga kuti akakhale kalipentala wamkulu pawekishopu yake yatsopano ku Kalingalinga, ndipo ankafuna yankho pofika Lolemba. Iwo anati ayambe afunsa kuofesi. Anafunsa. Ndinati kuli bata. Lolemba anakana, malowo anapatsidwa wina. "Mau yabili chabe, ba tate ba Mercy," anatero mayi anu. "Olo kupukusa chabe mutu, sembe banamvela." Anapita nanu ku Kanyama miyezi itatu. Mwana wathu wachitatu, Chikondi, anabadwira komweko ndipo ndinamuona koyamba ali ndi masabata asanu ndi limodzi. Ntchito yanga ndinaisunga. Nyumba ndinaifolera.

1996

Zaka ziwiri sindinaponde pakhomo pawo. Ankhoswe anapita kawiri, anabwezedwa ndi tiyi ndi ulemu. Ndinkamva kuti akukonza mipando yothyoka ya anthu pansi pa mtengo wa mapeyala uja, munthu amene ankalamulira makina asanu ndi limodzi. Mayi anu ankapita okha Lamulungu. Ine ndinkatsala, ndikuzungulira nyumba monga ndikuchitira lero.

Loweruka lina m'mawa ndinamva odi. Anali apongozi anga, chikwama cha zida paphewa, atayenda wapansi kuchokera ku Kanyama. Ndinathawira kumbali ya nyumba. Sanalowe. Anaima pachitseko chathu chakutsogolo, chimene chinkakhula pansi chichokereni mvula, n'kuchikankha kawiri. Anatulutsa sikuludiraiva, anamasula mahinjesi, anachigoneka pamatebulo awiri n'kuyamba kupala. Mayi anu anabweretsa madzi, anagwada, anabwerera m'nyumba. Ine ndinaima chapatali. Anapala nthawi yaitali. Kenako analankhula kwa chitseko.

"Anachikhoma ndani chimenechi?"

"Ndine," ndinauza chitsekocho.

"Zikuoneka."

Puleni inapita, inabwera.

"Mabwana asanu ndawagwirira pakampani ija. Palibe mmodzi anafunsapo kuti kodi Jimu ameneyu amake anamutcha ndani. Wina uja analitchula lonse. Anaimanso kaye kuti ndilimve."

Anapukuta tizipalo ndi dzanja, anatsinzina diso limodzi kuyang'ana m'mphepete.

"Koma Lamulungu lija ananama."

"Ndinanama."

"Mmm. Gwira uku."

Ndinagwira. Tinachiimika tonse awiri, iwo akumanga mahinjesi, ine nditachirikiza ndi phewa, mitu yathu itayandikana kuposa mmene mwambo umalolera. Anachitsegula, anachitseka. Sichinakhule. Anamwa madzi aja, ananyamula chikwama. Ali pageti anauza mpanda kuti mawa ndi Lamulungu, ndipo kampando kapambali kaja palibe anakachotsa.

Lero

Agogo anu anamwalira patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Za Lamulungu lija sitinakambenso. Ine ndinagwira mpaka kampani inatsekedwa, zaka zomaliza pakompyuta, pamene kamchira kali ndi batani lake losathyoka. Chitseko chija ndi chomwechi mumatsegula mukabwera. Sichinakhulenso.

Ndikamayenda kupita m'tauni ndimabwereza funso limodzi. Ndikanapukusa mutu, kodi a Chileshe akanadziwa? Mwina ayi. Mwina inde, ndipo iwe Joseph sukanafika ku yunivesite. Ndafika m'tauni kambirimbiri, yankho sindinalipezeko. Musandifunse kuti ndinachita bwino kapena ayi. Ndakuuzani zimene ndinachita.

Joseph, ukamandilembera, ika kamchira. Uime kaye, ndiye undiitane. Sindikupempha zambiri.

Mercy wawerenga masamba awa ndipo akuti ndaiwala kulemba dzina la agogo, akuti mbiri yopanda dzina si mbiri, adzukulu adzalidziwa bwanji. Sindinaiwale. Mayi anu ali kukhitchini, afunseni. Ine ndinalitchula kamodzi, atandilamula eni ake.